MUTU 9: KUTOLERA NDI KUSUNGA MIYALA YOSOWA

Chiyambi

M'mutu wapitawu mudaona mmene nthaka imapangikira kuchokera ku matanthwe ofumbutuka. Tsopano tibwerera ku mwala weniweniwo. Pali anthu padziko lino amene ntchito yawo, kapena chizolowezi chawo, ndi kutolera miyala yosowa, kuilemba maina ndi kuisunga m'makabati. Ambiri a iwo ali ku Ulaya, ku America ndi ku Japan, koma gawo lalikulu la miyala imene amainyadira idachokera kwathu kuno: ku Zomba, ku Kabwe, ku Katanga, ku Tsumeb, ku Bikita. Mwana wa pasukulu ya m'munsi mwa phiri la Malosa akhoza kumaliza Sitandade 8 asadagwirepo mwala umene phirilo limadziwika nawo kunja. Vuto limeneli mphunzitsi akhoza kulithetsa popanda ndalama zambiri.

Pomaliza pa mutu uno muzitha kusiyanitsa mwala ndi minerali, kufotokoza chimene chimachititsa kuti mwala ukhale wosowa, kuyesa miyala ndi zipangizo za pakhomo, ndi kuyambitsa kabokosi ka miyala pasukulu panu mosaphwanya lamulo komanso mosaika ana pangozi. Mufunika maola atatu owerenga ndi masana awiri a ntchito ya panja.

Mwala ndi minerali

M'Chichewa zonse timangoti mwala. Thanthwe, mphero, mafuwa, nsangalabwi ya mumtsinje, ngakhale emarodi wa pa mphete, zonsezi ndi miyala basi. Sayansi imagawa pawiri. Minerali ndi chinthu chimodzi cholengedwa chokha, chokhala ndi zopangira zake zodziwika ndi kayalidwe kake ka tizidutswa ta m'kati. Mwala ndi msakanizo wa maminerali. Ganizani za chigumu: ufa, nthochi, mchere ndi soda zili ngati maminerali, chigumucho ndiye mwala. Mukayang'anitsitsa thanthwe la granite muona timadontho ta mitundu itatu: toyera ngati galasi ndi quartz, amene ndi nsangalabwi yathu ija, totuwa kapena tofiirira ndi feldspar, takuda tonyezimira totha kusendeka ndi chikhadabo ndi mica.

Minerali ikapeza malo okulira mosapanikizika, imatuluka ndi mbali zosalala ndi ngodya zake ngati wina wachita kusema. Imeneyi ndiyo krustalo. Quartz amakula ndi mbali 6 ndi nsonga pamwamba. Mchere wa m'khitchini umakula ngati timabokosi. Ophunzira anu adzakufunsani kuti adasema ndani. Musawayankhe msanga. Sungunulani mchere wambiri m'madzi otentha mpaka wina ukane kusungunuka, thirani madziwo m'mbale, ikani pawindo masiku angapo, kenaka aone okha.

Bungwe la International Mineralogical Association ndilo limavomereza maina a maminerali atsopano, ndipo mndandanda wake udapitirira 6,000. Mwa onsewa, amene amapanga matanthwe ambiri a dziko lapansi ndi makumi ochepa chabe. Otsalawo ndi osowa, ndipo ena adapezekapo pa malo amodzi okha.

Phiri la Malosa

Tiyeni tikhalitse pa chitsanzo chimodzi. Kumpoto kwa phiri la Zomba kuli phiri la Malosa, ndipo pakati pawo pali chigwa cha mtsinje wa Domasi. Mapiri awiriwa ndi mbali ya gulu la matanthwe lotchedwa Chilwa Alkaline Province, limodzi ndi Mulanje, Kangankunde ndi chisumbu cha Chilwa. Zaka zoposa mamiliyoni 100 zapitazo chiphalaphala chotentha chidakwera kuchokera pansi, koma sichidafike kunja. Chidazizira pang'onopang'ono m'kati mwa nthaka. Nthaka ya pamwamba idakokoloka m'kupita kwa nthawi, n'kusiya thanthwe lolimba lija litaima ngati phiri.

Chimene chikutikhudza ndi zimene zidachitika kumapeto kwa kuzizirako. Chiphalaphala chikamauma, maminerali wamba ndi amene amayamba kupangika, ndipo amatenga zopangira zimene zimawayenera. Zotsala, zimene sizilowa bwino mwa maminerali wambawo, zimakanirira m'madzimadzi otsiriza pamodzi ndi nthunzi ndi mpweya. Zili ngati mukamaphika mchere wa m'dambo: madzi akamaphwera, otsala pansi pa mphika ndi amene amawawa kwambiri. Madzimadzi otsirizawa adalowa m'ming'alu ya thanthwe n'kupanga misempha yotchedwa pegmatite, ndipo pamene mpweya udasonkhana padatsala mphako. M'mphako zimenezi ndi mmene makrustalo adakulira momasuka.

Wotchuka kwambiri pa Malosa ndi aegirine, minerali yakuda bii, yonyezimira, yokula ngati timitengo tatitali tosongoka. Muli sodiyamu, chitsulo ndi silika. Dzinali lidachokera kwa Ægir, mulungu wa nyanja wa anthu akale a ku Scandinavia, chifukwa minerali imeneyi idayamba kufotokozedwa ku Norway. Aegirine payekha si wosowa kwenikweni. Amapezekanso ku Russia, ku Canada ndi ku Greenland. Chosowa ndi kukula, kunyezimira ndi kukwanira kwa makrustalo a ku Malosa, makamaka akamera pa feldspar woyera pamodzi ndi quartz wa mtundu wa utsi. Chakuda pa choyera, zonse zili chiimire mmene zidamerera: wotolera miyala akaona zotere mtima umakhala m'malo. Miyala imeneyi idayamba kudziwika kwambiri kunja m'zaka za m'ma 1990.

M'mphako zomwezo mumatuluka ena osowa zenizeni. Muli epididymite ndi eudidymite, awiri okhala ndi beriliyamu, otuwa ndi osaoneka bwino kwa munthu wosadziwa. Muli parisite ndi bastnäsite, amene ali ndi zitsulo zosowa zija zimene dziko likulimbirana masiku ano chifukwa cha maginito a galimoto zamagetsi ndi makina opukusa magetsi ndi mphepo. Mulinso zircon ndi arfvedsonite. Taonani apa: mwala wokongola ndi mwala wosowa si chinthu chimodzi. Wokumba wosadziwa akhoza kutaya kachidutswa kotuwa ka eudidymite n'kusunga quartz wamkulu wonyezimira, pamene quartz ali paliponse.

Amene amakumba miyala imeneyi ndi anthu a m'midzi yozungulira, ndi nyundo, tchizulo ndi zitsulo zotekenyera, pa malo otsetsereka koopsa pafupifupi mamita 2,000 pamwamba pa nyanja yamchere. Mwala ukatsika phiri umadutsa m'manja ambiri usadafike ku zionetsero zazikulu za miyala monga za ku Tucson ku America kapena ku Munich ku Germany, ndipo pa dzanja lililonse mtengo umakwera. Amene adaika moyo pachiswe kumtunda kuja ndiye amalandira zochepa kuposa onse. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi chakuti sadziwa dzina la chimene wanyamula, pamene wogulayo akulidziwa.

Kusowa kuli mitundumitundu

Emarodi, rube ndi dayamondi amagulidwa kuti adulidwe ndi kupukutidwa. Dayamondi wa Cullinan, wa makarati 3,106, amene adapezeka pafupi ndi Pretoria mu 1905, adadulidwa zidutswazidutswa, ndipo palibe amene angamuonenso mmene adatulukira pansi. Wotolera miyala yosowa amafuna zosiyana ndi zimenezi. Iye amafuna mwala uli mmene udamerera, krustalo yosabenthuka nsonga, ikadali pa thanthwe lake. Kupukuta kapena kudula mwala wotere n'kuuwononga.

Palinso kusowa kwa malo. Malo amene minerali idapezeka koyamba n'kupatsidwa dzina amakhala kwawo kwa minerali imeneyo mpaka kalekale, ndipo chidutswa chochokera kumeneko chimalemekezeka. Chigawo chathu chino chili ndi malo otere ambiri. Ku Kabwe, kumene kale kunkatchedwa Broken Hill, miyala ya mtovu ndi zinki idapezeka mu 1902, ndipo patangopita zaka zochepa kudatuluka tarbuttite ndi parahopeite, maminerali amene sayansi inali isadawaonepo. Tarbuttite adatchedwa dzina la Percy Tarbutt, mmodzi wa akuluakulu a kampani ya mgodiwo. Mumgodi womwewo mu 1921 mudapezeka chibade cha munthu wakalekale chimene chidatengedwa kupita ku Natural History Museum ku London. Ku Zimbabwe kuli bikitaite, wotchedwa dzina la Bikita, amene adafotokozedwa mu 1957. Ku Mozambique, m'dera la Alto Ligonha, kudapezeka hafnon. Ku Shinkolobwe m'chigawo cha Katanga kudatuluka maminerali ambiri a yureniyamu, achikasu ndi obiriwira mowala. Yureniyamu wa mgodi umenewu ndi amene adagwiritsidwa ntchito pa mabomba a atomu a 1945. Koma mfumu ya onse ndi Tsumeb ku Namibia. Mgodi umodzi wokhawu udatulutsa mitundu ya maminerali yoposa 200, ndipo yoposa 50 mwa imeneyi idapezeka koyamba komweko.

Mgodi wa Kabwe udatsekedwa mu 1994, wa Tsumeb mu 1996. Mgodi ukatsekedwa n'kudzaza madzi, zimene zidasungidwa ndi zomwezo basi. Kambiri makampani sankasamala za makrustalo, poti iwo ankafuna mtovu ndi mkuwa, ndiye zokongola zambiri zidalowa m'chigayo cha miyala. Zimene tikuziona lero zidapulumuka chifukwa wina wogwira ntchito pansi adazitola n'kuzisunga.

Mwina mwaona kale kuti maina ambiri a maminerali athu ndi a anthu akunja. N'zoona, ndipo ndi nkhani yabwino kukambirana ndi ophunzira a makalasi apamwamba: amene adatola, amene adayeza ndi amene adalandira ulemu kawirikawiri sanali munthu mmodzi.

Ntchito 1

Funsani akuluakulu atatu a m'dera lanu maina a miyala ndi dothi amene amawadziwa m'chinenero chawo: mwala wonolera mpeni, wa mphero, dothi loumbira mbiya, lozirira nyumba, katondo, mwala wowotcha laimu. Lembani dzina, ntchito yake ndi kumene umapezeka. Ndi maina ati amene ophunzira anu sakuwadziwanso?

Kapepala

Ngati m'mutu wonse uno mugwirapo chinthu chimodzi, chikhale ichi: mwala wopanda kapepala konena kumene udachokera wataya theka la phindu lake, ndipo kwa wasayansi wataya pafupifupi lonse. Dzina la minerali likasowa, katswiri akhoza kuyeza n'kulipeza ngakhale patapita zaka 100. Malo akaiwalika, palibe makina amene angawabweze motsimikiza. Anthu ambiri oyamba kumene amachita zosemphana: amalimbana ndi dzina, malo n'kumati ndidzakumbukira. Simudzakumbukira ayi. Pakatha miyezi itatu miyala yonse yotuwa imafanana, ndipo inu mukasamutsidwa kupita sukulu ina, wolowa m'malo mwanu adzapeza mulu wa miyala pakona n'kuuza ana kuti akataye.

Lembani kapepala pomwe mwatolapo, musadanyamuke. Kakhale kotere:

Nambala: 014
Dzina: quartz wa mtundu wa utsi (sitidatsimikize)
Malo: dzina la phiri kapena mtsinje, mudzi, mfumu yaikulu, boma, dziko
Mmene udapezekera: udali pa thanthwe, kapena udagubuduka, kapena tidapatsidwa
Tsiku: 14 Juni 2024
Wotola: Sitandade 7

Mawu akuti "sitidatsimikize" musawachite nawo manyazi. N'kwabwino kulemba chikaiko kusiyana ndi kulemba dzina labodza limene ana adzaliloweza. Mzere wa mmene udapezekera nawonso ndi wofunika, chifukwa mwala wa mumtsinje ukhoza kukhala kuti udayenda makilomita ambiri kuchokera kumene udamerera. Mukakhala ndi foni yoonetsa malo pa mapu, lembaninso manambala ake. Pa mwala weniweniwo dontheza kadontho ka penti yoyera kapena tipekisi kumbali yosaoneka bwino, kakauma lembanipo nambala ija, ndipo nambala yomweyo ilowe m'kope lachikuto cholimba losungidwa mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Kapepala kakhoza kudyedwa ndi chiswe; nambala ya pa mwala ndi kope zidzakupulumutsani. Mukapatsidwa mwala uli ndi kapepala kake kakale, musakataye ngakhale kang'ambike; kalembeni katsopano n'kusunga tonse tiwiri.

Kuyesa miyala ndi za pakhomo

Mtundu ndi umene maso amathamangira, koma ndi mboni yosadalirika. Quartz yekha amapezeka woyera, wapinki monga wa ku Mzimba, wofiirira ngati maluwa a jakaranda monga amethyst wa ku Mapatizya kumwera kwa Zambia, ndi wakuda ngati utsi. Rube ndi safiro wa pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu ndi minerali imodzi, corundum; chasiyana ndi tizitsulo tochepa tolowerera m'kati. Choncho yesani zinthu zingapo musadatchule dzina.

Choyamba ndi kulimba. Mu 1812 Friedrich Mohs adandandalika maminerali 10 kuyambira wofewetsetsa, talc, pa 1, mpaka dayamondi pa 10, ndipo wapamwamba aliyense amakanda wapansi pake. Calcite ali pa 3, feldspar pa 6, quartz pa 7, topaz pa 8, corundum pa 9. Simufunika kugula chilichonse. Chikhadabo chanu chili pa 2.5, waya wamkuwa wa magetsi pa 3, mpeni ndi galasi la botolo pafupifupi 5.5, ndipo nsangalabwi yoswa ikupatsani 7. Ndalama zachitsulo zamasiku ano musazidalire, chifukwa zambiri ndi chitsulo chongokutidwa. Mukakanda, pukutani ndi chala chonyowa n'kuyang'ananso: nthawi zina mzere umene mukuonawo ndi ufa wa chokandiracho, osati bala pa mwala. Ndipo kandani kumbuyo kapena pansi, osati pa nkhope ya krustalo yabwino. Dziwaninso kuti manambalawa ndi a mndandanda chabe, ngati malo a ana pa mayeso. Dayamondi amalimba kuposa corundum kangapo konse ngakhale akutsatana.

Chachiwiri ndi mtundu wa ufa wake. Tengani kapu kapena mbale yadothi ya m'sitolo, muitembenuze. Mkombero wa pansi wosapakidwa zonyezimira ndiye chipangizo chanu. Khutizani mwala pamenepo. Hematite, ngakhale aoneke wakuda ngati chitsulo, amasiya mzere wofiira ngati katondo. Kufiira kotereku, kochokera ku chitsulo, ndi kumene kuli pa zojambula zakale zofiira za m'mapanga monga za ku Chongoni ku Dedza. Pyrite amanyezimira ngati golide ndipo wapusitsa anthu ambiri, koma mzere wake ndi wakuda mobiriwirira, pamene golide amasiya wachikasu. Komanso golide mukamumenya ndi nyundo amaphwatalala, pyrite amanyenyeka. Mayeso awiriwa okha akhoza kupulumutsa banja lina kugulitsa mbuzi chifukwa cha mwala wopanda pake. Maminerali olimba kuposa mbaleyo, monga quartz, sasiya mzere, amangoikanda.

Chachitatu ndi kulemera. Yezani mwala pa sikelo, kenaka muumize m'kapu yoyezera madzi n'kuona madzi akwera bwanji. Gawani magalamu ndi mamililita. Mwala wa magalamu 53 ukakweza madzi ndi mamililita 20, yankho ndi 2.65, ndipo imeneyi ndi nambala ya quartz. Aegirine ali pafupifupi 3.5, pyrite 5, galena, mwala wa mtovu, 7.5. Phunziro la masamu lalowa pomwepo. Timiyala tating'ono sitiyezeka bwino mwa njira imeneyi, sankhani wa msinkhu wa dzira.

Zina ndi zachidule. Maginito a m'sipika ya wailesi yakufa amakoka magnetite. Viniga akadonthera pa calcite amatulutsa thovu; ndi wofooka, choncho palani kaye mwalawo kuti pakhale ufa, ndipo muyandikize khutu. Miyala ya laimu ya ku Chenkumbi ku Balaka kapena ya ku Chilanga ndi Ndola imachita zimenezi. Onaninso kasweke: mica amasendeka ngati masamba a buku, calcite amasweka timabokosi topendekeka, quartz amasweka ngati botolo.

Mayeso amenewa akufikitsani pa maminerali wamba 15 kapena 20. Osowa enieni, monga a ku Malosa aja, sangatsimikizike ndi mpeni ndi viniga. Amafuna makina a m'labotale. Mukapeza chachilendo, chijambuleni pafupi ndi rula, lembani malo, n'kufunsa ku ofesi ya boma yofufuza za miyala. Ku Malawi likulu la Geological Survey lili ku Zomba, ku Zambia lili ku Lusaka, ku Zimbabwe lili ku Harare. Mayunivesite amene amaphunzitsa za miyala nawonso amathandiza.

Mawu amodzi pa zachinyengo. Kumene kuli emarodi kulinso magalasi a mabotolo obiriwira ogulitsidwa ngati emarodi. Galasi limakandika ndi quartz, ndipo kawirikawiri limakhala ndi tithovu tozungulira m'kati. Emarodi weniweni sakandika ndi quartz. Ena amamata makrustalo pa thanthwe ndi guluu n'kuwaza dothi pamalumikiziro.

Ntchito 2

Tolani miyala 10 yosiyana pafupi ndi sukulu yanu. Jambulani tebulo la mizati iyi: nambala, mtundu, kulimba, mzere, kulemera, kasweke, maginito, viniga. Dzazani zonse musadayang'ane dzina m'buku lililonse. Ndi mayeso ati amene adakuvutani, ndipo mungawasinthe bwanji kuti kalasi ya ana 80 iwachite ndi zipangizo za magulu 8?

Lamulo, ulemu ndi chitetezo

M'maiko a chigawo chino miyala ya pansi pa nthaka ili m'manja mwa boma, ngakhale munda ukhale wanu. Ku Malawi lamulo la migodi la 2023 lidalowa m'malo mwa la 2019. Kukumba, kugula kuti mukagulitse, ndi kutulutsa miyala kunja kwa dziko, zonsezi zimafuna chilolezo, ndipo malamulo a kutumiza kunja amasinthasintha, choncho funsani ku ofesi ya migodi musadachite kanthu. Kutola timiyala tochepa ta pamtunda tophunzitsira si malonda, komabe pemphani kwa mwini malo ndi kwa amfumu. Nkhalango zotetezedwa, ndipo Zomba ndi Malosa zili m'gulu limeneli, zimafuna chilolezo cha a zankhalango. Kumanda, kudambwe, kukachisi ndi m'mapanga a zojambula zakale simutolako kanthu, ngakhale kamwala konyezimira bwanji. Mukapeza mafupa osanduka mwala kapena zida zakale, zisiyeni pomwepo n'kudziwitsa a zosunga mbiri yakale, pakuti malo ake ndi mbali ya umboni.

Tsopano za ana. Musalowe nawo mu mgodi, m'dzenje kapena m'phanga lokumbidwa, kaya likugwira ntchito kaya lidasiyidwa. Maenje a okumba ang'onoang'ono alibe mizati yochirikiza, amagumuka, amasunga madzi ndi mpweya woipa. Musaime pansi pa chiphedi kapena khoma la kwale. Nyengo ya mvula ntchito imeneyi isachitike n'komwe. Amene adaona mapiri akutsika ndi matope nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sakufunika kuwafotokozera. Malo abwino ndi apafupi: m'mbali mwa mtsinje m'chilimwe, pamene msewu udadula chitunda, m'munda wolimidwa kumene mvula itatsuka, pa mulu wa dothi la chitsime chatsopano. Nyundo agwire mphunzitsi yekha, atavala magalasi oteteza maso, ana atatalikira, mwala utakutidwa ndi chiguduli. Potembenuza mwala, ukokereni kwa inu kuti chinkhanira kapena njoka ithawire kutsidya.

Miyala ina ndi poizoni. Galena ndi anzake a mtovu asagwiridwe ndi ana aang'ono, ndipo aliyense asambe m'manja akagwira. Inu a ku Kabwe mukudziwa bwino: fumbi la mtovu la mgodi uja likudwalitsabe ana patapita zaka zoposa 30 chitsekereni, ndiye milu ya zotsalira za mgodi si malo otolerako miyala. Miyala yachikasu kapena yobiriwira mowala yochokera kumene kuli yureniyamu, monga ku Katanga kapena ku Kayelekera ku Karonga, isalowe m'kalasi. Ya ulusiulusi ngati thonje, monga asibesitosi wa ku Zvishavane ndi Mashava, isapalidwe kapena kuswedwa, chifukwa ulusi wake ukalowa m'mapapo sutulukanso. Kunyambita mwala kuti mtundu uoneke, monga amachitira ena, kuletsedwe. Madzi a m'botolo amagwira ntchito yomweyo.

Pali ngozi ina imene siioneka msanga. Mukayamba kukamba za mitengo ya miyala m'kalasi, mwana wochokera m'banja losowa amamva chinthu chimodzi chokha, ndipo Lolemba lotsatira mpando wake ukhoza kukhala wopanda munthu. Madera amene kwabuka golide kapena miyala ya mtengo wapatali amadziwa mmene makalasi amaphwera. Maganizo anga ndi akuti mitengo isakhale mutu wa phunziro, ndipo mphunzitsi asagule mwala kwa wophunzira ngakhale ndi ndalama yochepa bwanji, chifukwa tsiku limenelo wasanduka wogula ndipo mwanayo wasanduka wokumba. Funso la mtengo likabwera, ndipo lidzabwera, liyankheni moona: ambiri okumba amatha miyezi osapeza kanthu, ndipo amene amapindula ndi amene adaphunzira kuzindikira, kuyeza ndi kuwerengera. Ngati m'mudzi muli wokumba wachilolezo, muitaneni adzalankhule m'kalasi ndi miyala yake. Iye adziwa zambiri za phirilo kuposa buku lino, ndipo ana adzamva kuchokera kwa mwini wake za maondo, chifuwa ndi njala ya kumtunda.

Kusunga

Pobwera nayo, kulungani mwala uliwonse pawokha m'nyuzipepala pamodzi ndi kapepala kake. Makrustalo akagundana m'thumba nsonga zimabenthuka, ndipo nsonga ikapita yapita. Tsukani ndi madzi ndi mswachi wakale basi. Asidi wa batire musamuyandikize. Yofewa, ya ulusi ndi yooneka ngati mchere musaitsuke, ingoipukutani mopepuka. Mathireyi a mazira, mabokosi a machesi ndi zivundikiro za mabotolo zimakwanira kukhala zipinda zake, zonse m'katoni kapena m'bokosi lamatabwa lotsekeka. Amethyst ndi quartz wapinki amafwifwa akakhalitsa padzuwa, choncho pawindo si malo awo. Pyrite akakhala pachinyontho amayamba kufumbutuka, kununkha ngati machesi ndi kudya pepala. Muikeni pouma, payekha.

Gawani miyala yanu pawiri. Yambiri ikhale yogwira, yokanda ndi yoyesa, poti mwala wotsekeredwa m'kabati suphunzitsa mwana. Yochepa yabwino kwambiri ikhale yongoonetsa. Pa malo amodzi musatole zonse; ziwiri kapena zitatu zakwana, china chikhale chosinthana ndi mphunzitsi mnzanu wa dera lina mukakumana pa maphunziro a tchuthi. Wa ku Mzimba akabwera ndi quartz wapinki ndi mica, wa ku Ngabu ndi agate, wa ku Balaka ndi mwala wa laimu, aliyense abwerera ndi bokosi la zigawo zitatu. Kuwoloka nayo malire a dziko ndiye ayi, pokhapokha mutakhala ndi chikalata.

Ntchito yotumiza kwa mlangizi wanu

Konzani bokosi la miyala yosachepera 12 ya m'dera lanu, uliwonse ndi nambala, kapepala ndi mzere wake m'kope. Miyalayo musatumize. Tumizani tebulo la mayeso anu, mapu ojambula pamanja oonetsa pamene mudatola uliwonse, ndi chikonzero cha phunziro la mphindi 35 la Sitandade 6 kapena 7 logwiritsa ntchito bokosilo. Pa tsamba lomaliza, m'mawu osapitirira 200, fotokozani zimene mungachite wophunzira atabwera ndi krustalo yokongola n'kukuuzani kuti adaitenga m'dzenje limene amalume ake amakumba, ndipo akufuna kudziwa ngati mungamupezere wogula.